Mmene mungazindikirire mapale a ziwiya zakale za ku England ndi kudziwa zaka zake

Pamalo pamene panali nyumba ku England m'zaka 400 zapitazi, wofukula zakale akakumba amapeza mapale ochuluka kuposa china chilichonse. Nsalu zinaola, matabwa anafumbwa, zitsulo zinatha ndi dzimbiri, koma dongo lowotcha silitha. Oumba mbale a kumeneko, makamaka a ku Staffordshire, ankasinthanso kapangidwe pafupipafupi polimbirana msika, moti pakati pa 1720 ndi 1850 kaphale kakang'ono zedi kakhoza kukuuzani nthawi imene kanapangidwa, osaphonya ndi zaka zoposa 20 kapena 30.

Ongoyamba kumene amathamangira maluwa ojambulidwa pambale, ndipo m'pamene amasochera. Maluwa abwera pambuyo. Muyambe ndi malo amene phale lachokera, kenako dongo lake, kenako chokutira chonyezimira chija akatswiri amati glaze, ndiyeno zokongoletsa ndi chidindo. Chaka chimatchulidwa komalizira.

Choyamba: lembani malo musanatole

Dothi la pabwinja limakhala m'miyalo, wina pamwamba pa unzake, ndipo kawirikawiri wapansi ndiwo wakale. Ofukula amapatsa muyalo uliwonse nambala yakeyake, chimodzimodzinso dzenje lililonse, dzala, chitsime chokwiriridwa kapena ngalande ya maziko. Mapale a muyalo umodzi alowe m'kathumba kawokawo ka pulasitiki, dzina la malo ndi nambala zilembedwe kunja, komanso pakapepala kosaola ndi madzi kamene mwaponya m'kati. Mukasakaniza timathumba tiwiri, palibe katswiri angakulekanitsireni.

Za chilolezo ndi zachidule. Ku England simukumba pamalo popanda mwini wake kuvomera, malo otetezedwa ndi lamulo la 1979 sakhudzidwa popanda chilolezo cha boma, ndipo ngakhale kungotola m'matope a m'mbali mwa mtsinje wa Thames mu London kumafuna chiphaso cha Port of London Authority.

Chachiwiri: tsukani, koma osati zonse

Madzi ozizira, beseni ndi mswachi wofewa ndi zokwanira. Sopo ayi. Tsukani phale limodzilimodzi, ndipo chofunika kuyeretsa bwino ndi m'mbali mothyoka muja, chifukwa ndimo muwerenge dongo. Yanikani pamthunzi mpaka aumiretu musanatseke m'thumba, apo ayi achita nkhungu.

Pali mapale ena osayenera mswachi. Lomwe glaze yake ikusendeka mungolitsira madzi pang'ono ndi chala. Lomwe lili ndi utoto kapena golide wopakidwa pamwamba pa glaze, mukalikwecha mwafufuta umboni. Mphika womwe m'kati mwake muli zopserera kapena mwaye musautsuke konse, poti zotsalirazo zimatha kupimidwa n'kudziwika chimene chinkaphikidwamo.

Chachitatu: yang'anani pothyoka

Tengani galasi lokuzira zinthu, loti likuze kakhumi, mukhale pamalo owala. Mukufuna kuika phale m'limodzi la mabanja atatu.

Banja loyamba ndi earthenware, dongo lowotchedwa pamoto wa madigiri pafupifupi 1,000 mpaka 1,150. Pothyoka pamaoneka pofumbutuka, mpeni umakandapo, ndipo mukadonthezapo madzi amalowa. Ofukula ambiri amangogunditsapo lilime: likamatirira, ndi earthenware. Ine ndingati gwiritsani dontho la madzi, chifukwa glaze zambiri zakale zinali za mtovu, ndipo ena mwa mapalewa amatuluka m'zimbudzi zakale.

Banja lachiwiri ndi stoneware, lowotchedwa pa madigiri 1,200 mpaka 1,300. Dongo linagwirana gwa, silimwa madzi, mpeni umangoterereka, koma kuwala sikudutsa. Lachitatu ndi porcelain: loyera, lolimba, ndipo mukayatsa tochi kumbuyo kwa phale lopyapyala kuwala kumaonekera.

Lembaninso mtundu wa dongolo, kaya lofiira, lotuwa, lachikasu kapena loyera, ndi zimene zasakanikiramo. Timiyala tambiri m'dongo lofiirira lokhala ndi glaze yobiriwirako, mwachitsanzo, timaloza ku North Devon, ku Barnstaple ndi Bideford, kumene ankaumba mabeseni ndi mitsuko yotere m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700.

Chachinayi: glaze ndi dzina la mtundu

Apa m'pamene pali ntchito yaikulu, ndiye tidekhe.

Dongo lofiira lokhala ndi glaze ya mtovu yabulauni kapena yakuda m'kati mokha ndilo lopezeka kwambiri, komanso ndilo losathandiza kwambiri. Miphika, mabeseni a mkaka ndi mitsuko yotere inkaumbidwa m'midzi yambiri kuyambira m'ma 1500 mpaka m'ma 1900 osasintha kwenikweni. Ikani pambali, muiwerenge, koma musadalire iyo pa chaka. Zothandizako ndi abale ake odziwika. Timakapu topyapyala ta dongo lofiira lolimba, ta glaze yakuda bii mbali zonse, nthawi zina tokhala ndi timadontho toyera, ndi Cistercian ware, ta kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi m'ma 1500. Dongo loyererako lokhala ndi glaze yagirini wowala kapena yachikasu ndi Border ware, la m'malire a Surrey ndi Hampshire, limene linadzaza makhitchini a mu London m'ma 1500 ndi 1600. Mbale zachikasu zokhala ndi mizere yabulauni yokokedwa ndi chipeso mpaka kuoneka ngati nthenga ndi slipware ya ku Staffordshire ndi Bristol, kuyambira cha m'ma 1670 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. M'mphepete mwa mbalezi mumakhala mano ang'onoang'ono odindidwa.

Kenako pali delftware. Dongo lake ndi lofewa, lachikasu chotuwa, ndipo glaze ndi yoyera, yokhuthala, yosaonetsa dongo chifukwa anathiramo chitsulo chotchedwa tin. Chizindikiro chosaphonya ndi chakuti glazeyo siigwirana bwino ndi dongo: pothyoka mumaona miyalo iwiri yosiyana, ndipo m'mphepete imasendeka ngati chikamba cha dzira. Luso limeneli linabwera ndi oumba ochokera ku Antwerp amene anafika ku Norwich mu 1567, kenako ku Aldgate mu London cha mu 1571, ndipo linafalikira ku Southwark, Lambeth, Bristol ndi Liverpool. Pofika 1800 linali litatsala pang'ono kutheratu. Pambale zambiri za m'ma 1600, glaze ya tin ili kumaso kokha, kumbuyo anapaka ya mtovu yotsika mtengo. Za m'ma 1700 zimakhala zoyera kapena zotuwira ku buluu mbali zonse.

Pa stoneware, yendetsani chala. Ngati pamwamba pali timaenje tating'onoting'ono ngati khungu la lalanje, ndiye kuti anaponya mchere m'ng'anjo moto uli pakati, mcherewo n'kusanduka glaze. John Dwight wa ku Fulham analandira chilolezo cha mfumu chopangira stoneware yotere mu 1672. Makapu a mowa abulauni kumtunda ndi otuwa kumunsi anachokera m'mwambo umenewo. Stoneware yabulauni yosalala, yonyezimira ngati chitsulo, yokhala ndi kamzere koyera pakati pa dongo ndi glaze, nthawi zambiri ndi ya ku Nottingham, ya m'ma 1700. Yoyera ya mchere, yopyapyala, inayamba cha mu 1720 ndipo inalamulira patebulo kuyambira m'ma 1740 mpaka m'ma 1770. Mbale zake zimakhala ndi m'mphepete moumbidwa ngati njere za barele kapena ngati dengu loluka. Ikakhala ndi mizere yokandidwa yothiridwa buluu, ndi ya pakati pa 1740 ndi 1780. Mabotolo a inki, a mowa wa jinja ndi mitsuko zikakhala zosalala za mitundu iwiri, kumtunda kwachikasu kumunsi koyera, zili ndi glaze imene kampani ya Powell ya ku Bristol inayambitsa mu 1835, ndiye sizingakhale zakale kuposa pamenepo.

Tsopano pali atatu osokoneza: creamware, pearlware ndi whiteware. Onse ndi earthenware ya dongo loyera losakaniza ndi mwala wa flint wopera, onse ndi opyapyala, ndipo mukawaona paokhapaokha amangooneka oyera. Aikeni papepala loyera lenileni, panja masana, ndipo muyang'ane pamene glaze inadikha: m'kati mwa kamphete ka pansi pa mbale, kapena polumikizira chogwirira cha kapu.

Glaze ikadikha mwachikasu kapena mobiriwirako, ndipo phale lonse likuoneka la mtundu wa kirimu, ndi creamware. Josiah Wedgwood anaikonza bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1760, ndipo Mfumukazi Charlotte itaitanitsa ziwiya zake mu 1765 anayamba kuitcha Queen's Ware. Inapha msika wa delftware ndi wa stoneware yoyera m'zaka zochepa. Yoyambirira ndi yachikasu kwambiri, ya pambuyo pa 1775 ndi yoyererako, ndipo itadutsa 1820 inatsalira pa ziwiya zotsika mtengo monga mabakuli ndi miphika yokodzera usiku.

Ikadikha mwabuluu, ndi pearlware. Oumba anathira utoto wabuluu wa cobalt pang'ono m'glaze kuti mbale ifanane ndi porcelain ya ku China. Inayamba cha mu 1775, Wedgwood anatulutsa yake mu 1779, ndipo inapitirira mpaka cha m'ma 1830. Pearlware yosakongoletsa ndi yosowa, moti phale loyera la pearlware kawirikawiri ndi chidutswa cha pakati pa mbale yomwe m'mphepete mwake munali utoto.

Ikadikha popanda mtundu uliwonse, ndi whiteware, ya kuyambira cha mu 1820 mpaka lero. Koma musaganize kuti panali tsiku limene fakitale zonse zinasiya pearlware n'kuyamba whiteware. Buluu ankangochepa pang'onopang'ono, ndipo mapale a pakati pa 1820 ndi 1840 amakanganitsa ngakhale akatswiri. Komanso mbale yosindikizidwa ndi utoto wabuluu imatha kutayira buluuyo m'glaze, n'kukupusitsani kuti ndi pearlware. Mukakayika, lembani kuti pearlware kapena whiteware, zokongoletsa zidzaweruza.

Phale loyera lokhuthala, lolemera, losamwa madzi kwenikweni, ndi ironstone. Charles James Mason analembetsa dzinali mu 1813, koma mbale zoyera zosapaka utoto, zoumbidwa ndi ngodya kapena ngala za tirigu, zinachuluka kuyambira m'ma 1840.

Porcelain ya ku England inayamba mochedwa: Chelsea cha mu 1745, Bow posakhalitsa, Worcester mu 1751. Zambiri mwa zoyambazi ndi zofewa, pothyoka pamaoneka ngati shuga, ndipo zimathimbirira m'dothi. Bone china, yosakaniza phulusa la mafupa a ng'ombe, inakhazikika ndi Josiah Spode m'ma 1790. Ndi yoyera mbee, kuwala kumadutsa bwino, ndipo ndiyo yochuluka pa makapu a tiyi a m'ma 1800.

Chachisanu: zokongoletsa

Funso loyamba ndi lakuti utoto uli pansi pa glaze kapena pamwamba. Pendeketsani phale kukuwala. Wapamwamba umamveka ndi chala ndipo nthawi zambiri unafufutika, kungotsala chithunzithunzi chosawala.

Chokongoletsa chothandiza kuposa zonse, m'kuona kwanga, ndi chimene anthu amachinyoza: mphepete ya buluu kapena girini yotchedwa shell edge. Zinali mbale za anthu wamba, zinapangidwa zochuluka kwambiri, ndipo kapangidwe kake kankapepuka m'badwo uliwonse pofuna kutsitsa mtengo. Mphepete yokhotakhota mosalingana, yokhala ndi mizere yopindika yodindidwa mozama, ndi ya pakati pa 1775 ndi 1810. Yokhota molingana bwino, mizere yake yowongoka kapena yopindika pang'ono, ndi ya 1800 mpaka m'ma 1830. Yokhala ndi maluwa, nthenga kapena mamba a nsomba otukuka ndi ya m'ma 1820 ndi 1830. Mphepete yozungulira yosakhota koma yodindidwabe ndi ya m'ma 1840 mpaka 1860, ndipo pomalizira, mpaka m'ma 1890, anasiya kudinda n'kumangokoka mizere ndi burashi. Girini anasowa cha mu 1840.

Zithunzi zosindikiza ndi nkhani ina. Mmisiri ankazokota chithunzi pachitsulo cha mkuwa, n'kuchidinda papepala lopyapyala, pepalalo n'kulimata pambale. Pansi pa galasi lokuzira mudzaona timizere ndi timadontho tolongosoka, osati mikwasa ya burashi, ndipo mwina mudzapeza pamene pepala linakwinyika kapena pamene malekezero ake sanakumane bwino. John Sadler ndi Guy Green ankasindikiza pamwamba pa glaze ku Liverpool kuyambira 1756, koma kusindikiza buluu pansi pa glaze pa earthenware kunayamba m'ma 1780. Zoyambirira ndi za mizere yokhayokha, zotengera zithunzi za ku China. Timadontho topangira mthunzi tinachuluka itadutsa 1807. Buluu woderapo kwambiri anatchuka cha pakati pa 1818 ndi 1830. Ofiira, girini ndi pepo pansi pa glaze anayamba cha mu 1828 ndi 1829, ndipo ameneyu ndi malire abwino kuwaloweza pamtima. Buluu wosungunuka dala mpaka chithunzi kuchita chimbuuzi, flow blue, ndi wa kuyambira m'ma 1840.

Chenjerani ndi Willow, chithunzi chija cha mlatho, mtengo wopendekeka, bwato ndi mbalame ziwiri. Chinayamba cha mu 1790 ndipo chikupangidwabe. Kuchizindikira n'kosangalatsa koma pa chaka sikukupindulitsani kanthu, mpaka mubwerere kukayang'ana dongo ndi glaze. Mnzake ndi Asiatic Pheasants, cha maluwa ndi mbalame za buluu wotuwa, chimene chinadzaza nyumba za anthu wamba m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800.

Maluwa opaka ndi manja pa makapu ndi masosa amagawika pawiri. Mitundu yofatsa, chikasu chodera, bulauni ndi girini wotuwa, ndi ya 1795 mpaka 1830. Mitundu yowala, makamaka yofiira ndi girini wowala yokhala ndi timapesi takuda, ndi ya pambuyo pa 1830. Makapu ndi majagi a mikombero yamitundumitundu, ena okhala ndi timitengo takuda tomwe tinaphuka tokha pamene woumba anadonthezera madzi a fodya osakaniza utoto padongo lonyowa, ndi mocha, ya kuyambira m'ma 1790. Maluwa odindidwa ndi siponji yodula anayamba cha mu 1845. Zithunzi za mitundu yambiri zomata pamwamba pa glaze, zomwe m'mphepete mwake mumamveka ndi chikhadabo, ndi za kuyambira m'ma 1890.

Chachisanu ndi chimodzi: chidindo, ngati mwachita mwayi

Mapale ambiri alibe chidindo, ndipo mbale zambiri za m'ma 1700 sizinadindidwe konse. Koma ngakhale zilembo zitatu zotsalira zimathandiza.

Dzina la chithunzi likalembedwa m'chidindo, mbaleyo ndi ya pambuyo pa 1810. Chizindikiro cha ufumu, cha mkango ndi hatchi ya nyanga imodzi, chiyang'aneni pakati pa chishango: mukakhala kachishango kena kakang'ono, ndi cha nthawi Victoria asanalowe ufumu mu 1837. Mawu oti Trade Mark ndi a pambuyo pa 1862, ndipo ambiri ndi a pambuyo pa 1875. Ltd kapena Limited sangakhale akale kuposa m'ma 1860, ndipo anafala m'ma 1880. England anayamba kulembedwa kwambiri mu 1891, chifukwa lamulo la msonkho la McKinley la ku America la 1890 linkafuna kuti katundu wolowa asonyeze dziko lochokera. Made in England ndi wa m'ma 1900.

Chidindo chokoma kwambiri ndi cha dayamondi yokhala ndi Rd pakati ndi IV pamwamba, chosonyeza kuti kapangidwe kanalembetsedwa ku boma, chimene chinagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883. IV akutanthauza gulu la ziwiya zadongo. M'ngodya zinayi muli tsiku, mwezi, chaka ndi nambala ya mtolo. Kuyambira 1842 mpaka 1867, chilembo cha chaka chili m'ngodya ya pamwamba. Kuyambira 1868 chinasamukira kudzanja lamanja, pamwamba n'kukhala nambala ya tsiku. Choncho X wa pamwamba ndi 1842, pamene X wa kumanja ndi 1868. Kuyambira 1884 anayamba kungolemba Rd No ndi nambala, kuyambira pa 1, ndipo pofika 1900 manambalawo anali atapitirira 350,000. Makampani ena anali ndi zizindikiro zawozawo za chaka: Minton kuyambira 1842, Wedgwood zilembo zitatu zodindidwa kuyambira 1860.

Dayamondi ija ndi Rd No zimanena tsiku limene kapangidwe kanalembetsedwa, osati tsiku limene mbale inatuluka m'ng'anjo. Chaka cholembedwa pachiwiya chimanyenganso momwemo. Mitsuko yoyera ya jamu wa malalanje wa kampani ya Keiller ya ku Dundee, imene yambiri inaumbidwa ndi fakitale ya Maling ku Newcastle, imatchula mendulo za London 1862 ndi Vienna 1873, koma inapitiriza kupangidwa ndi mawu omwewo kwa zaka makumi angapo. Zilembo za WR pa makapu a mowa zinachokera ku lamulo la miyezo la nthawi ya William III, ndipo zinkadindidwabe zaka zambiri mfumuyo itamwalira mu 1702.

Chachisanu ndi chiwiri: kuchoka pa phale kufika pa chaka cha muyalo

Phale lililonse tsopano lili ndi zaka ziwiri, choyambira ndi chothera. Lamulo lalikulu ndi ili: muyalo wa dothi sungakhale wakale kuposa chinthu chatsopano kwambiri chimene chili m'menemo. Taganizani za dzala la pakhomo. Mbale imene agogo analandira paukwati wawo ikasweka lero, ikagona limodzi ndi chitsekerero cha botolo la dzulo, ndipo wodzakumba mtsogolo adzayenera kukhulupirira chitsekererocho. Mapale 50 a creamware sangagonjetse phale limodzi losindikizidwa mofiira. Dzenjelo linakwiriridwa itakwana 1828, basi. Chokhacho muyenera kutsimikiza n'chakuti phale limodzilo silinagweremo kudzera m'una wa mbewa, m'muzu wa mtengo kapena kuchokera m'khoma la dzenje lanu, ndipo n'chifukwa chake gawo loyamba lija linali lofunika.

Mbale zimakhalitsanso m'nyumba zisanasweke. Za tsiku ndi tsiku zimatha msanga, koma makapu a alendo amatha kukhala m'kabati m'badwo wathunthu. Nyumba yosauka imagulanso zakale zotsika mtengo. Ndiye mapale ambiri m'dzala amakhala akale kuposa dzalalo.

Stanley South wa ku America anafalitsa m'ma 1970 njira yowerengera chaka chapakati. Mtundu uliwonse mumatenga chaka chapakati cha nthawi imene unkapangidwa, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha mapale ake, kuphatikiza zonse, n'kugawa ndi mapale onse. Tiyerekeze kuti muli ndi mapale 10 a creamware, chaka chapakati 1791, mapale 6 a pearlware, 1805, ndi 4 a stoneware yoyera, 1763. Ziwerengero zake ndi 17,910, 10,830 ndi 7,052, pamodzi 35,792. Kugawa ndi 20 kukupatsani 1790. Nambalayi ikusonyeza pakatikati pa nthawi imene anthu ankakhala pamalopo, osati tsiku lokwirira. Ili ndi chilema china: mbale imodzi yophwanyika zidutswa 40 imakoka nambala yonse. Yalani mapale patebulo, musonkhanitse milomo ndi pansi pofanana, muwerenge ziwiya zochepetsetsa zimene zingakhalepo, ndipo muwerengerenso ndi chiwerengero chimenecho.

Pimaninso ndi mboni zina za muyalo womwewo: ndalama zachitsulo, mabotolo, ndi timipope ta kaliwo wa dongo loyera. J. C. Harrington anaonetsa mu 1954 kuti bowo la kampope ka kaliwo wa ku England linkacheperachepera: pakati pa 1620 ndi 1650 ambiri anali 8/64 ya inchi, pamene pakati pa 1750 ndi 1800 ambiri anali 4/64. Mumapima polowetsa kumbuyo kwa timisomali ta dirilo ta misinkhu imeneyo. Njirayi imafuna timipope tambiri ndipo siidalirika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700.

Chachisanu ndi chitatu: kodi n'la ku England ndithu?

Si phale lililonse lotuluka m'dothi la England lomwe linaumbidwa komweko. Mitsuko yabulauni ya mawangamawanga yokhala ndi nkhope ya munthu wandevu pakhosi ndi ya ku Frechen ku Germany, ya m'ma 1500 ndi 1600. Stoneware yotuwa yopakidwa buluu ndi ya ku Westerwald, ku Germany komweko, ngakhale itakhala ndi zilembo za GR za mafumu otchedwa George, poti inkapangidwira msika wa ku England. Porcelain ya ku China ndi yolimba ngati galasi pothyoka, yotuwira ku buluu, yojambulidwa ndi manja, ndipo kamphete kake ka pansi kalibe glaze. Kusiyanitsa delftware ya ku London ndi ya ku Netherlands pa kaphale kakang'ono kumavuta aliyense.

Kunja kwa England funsoli limakula. Ku Malawi mbale za ku Britain zinabwera mochuluka ndi amishoni ndi amalonda: a UMCA ku Magomero mu 1861, a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre Mission mu 1876, ndi kampani ya African Lakes, ya Mandala ija, mu 1878. Choncho pamabwinja a mishoni, a maboma akale ndi a minda ya atsamunda yembekezerani whiteware, ironstone, zosindikiza, za siponji ndi mabotolo a inki, ndipo gawo la zidindo likuthandizani kuposa la creamware. Ambiri mwa anthuwa anali a ku Scotland, ndipo Glasgow inali ndi mafakitale ake a mbale, monga J. & M. P. Bell ndi Britannia Pottery. Fakitale ya Petrus Regout ya ku Maastricht ku Netherlands nayonso inkapanga zofanana kwambiri ndi za ku Staffordshire. Popanda chidindo, lembani kuti la ku Ulaya. Ndipo phale la buluu ndi loyera likhoza kukhala lakale kuposa azungu onsewo: ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula porcelain ya ku China pamodzi ndi mikanda yagalasi yobwera ndi malonda a kunyanja ya Indian Ocean.

Chomalizira: lembani, sungani, kaonetseni

Pa muyalo uliwonse lembani mtundu, chiwiya chimene phale linachokera, zokongoletsa, chiwerengero, kulemera kwake m'magalamu ndi zaka zimene mwapereka. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi pothyoka, lula ili pambali. Nambala ya muyalo ilembedwe ndi cholembera chosongoka pambali yosaonekera ya phale, osati pothyoka. Ngati mukulumikiza zidutswa, osunga zakale amagwiritsa ntchito guluu wa Paraloid B-72 chifukwa amasungunuka ndi mankhwala a acetone mukafuna kumasula. Supagulu ndi selotepi zimawononga glaze.

Ku England ndi Wales, wotola payekha akaonetse zimene wapeza kwa Finds Liaison Officer wa dera lake, amene ntchito yake ndi kulemba zakale zotoledwa ndi anthu, pansi pa Portable Antiquities Scheme imene inayamba mu 1997. Wofuna kuona ziwiya zathunthu kuti aziyerekeze ndi mapale ake apite ku Potteries Museum ku Hanley, umodzi mwa matauni asanu ndi limodzi a Stoke-on-Trent, kapena ku Victoria and Albert Museum mu London. Ku Malawi lamulo la Monuments and Relics Act silola kufukula popanda chilolezo cha boma, ndiye mukapeza mapale polima kapena pokumba maziko, asiyeni pomwepo, jambulani malowo, ndipo mudziwitse a Department of Museums and Monuments kapena a ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri mu Blantyre.